Phula la Kandulo pa Dzino Langa

Lamlungu, Julayi 1996. Kunja kwazizira, koma nkhope yanga ikutenthabe ndi manyazi.

Ba Grace, anamwino a kumishoni, anandiuza kuti ku Lusaka madokotala amamata kachigamba koyera kopyapyala pa dzino lobenthuka, n'kumaoneka ngati latsopano. Ine ku Lusaka sindinafikeko. Choncho m'mawa ndinasungunula phula la kandulo, ndinaliumba bwinobwino ndi singano, n'kulimata pa dzino langa lakutsogolo lobenthuka. Pagalasi linkaoneka bwino ndithu. Ndinkafuna kuti azakhali ake a Yohane, mnyamata amene akundifunsira, andione ndikuseka osaphimba pakamwa.

Titatuluka ku Misa azakhaliwo anandiitanira kwawo n'kundipatsa tiyi wotentha. Nditangomwako, phula lija linafewa n'kugwera m'kapu. Linkayandama iwo akuona.

Analivuula ndi supuni. "Iwe mwana, ndimayesa dzino lenileni! Mtima unangoti myuu!" Anaseka mpaka misozi. "Lobenthukalo tinalionera kale kukwaya. Yohane salidandaula, ukuvutikiranji?"

Ndinangoyang'ana pansi. Mwina anaseka mondikonda, koma ndikudziwa kuti amuuza. Lachitatu kuli kwaya, ndipo Yohane amaima moyang'anana ndi ine. Kaya pakamwa ndidzatsegula bwanji...