Ndinangoti ndi m'mimba

Limbuli, 12 Juni 2003

Okondedwa achimwene a Kingstone,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nchaloko pamodzi ndi alamu. Kuno ana ali bwino, chimanga takolola ngakhale ndi chochepa.

Lolemba ndinaperekeza bambo kuchipatala. Mukudziwa kuti akadwala amangoyankhula Chilomwe, ndiye womasulira ndinali ine. Adokotala atafunsa pomwe pakupweteka, ululu unawachotsa manyazi bambo, ananena zonse: mkodzo ukungodontha, chikhodzodzo chikuwawa, ndi pena pamene sindingalembe. Achimwene, ine mwana wamkazi nditchule ziwalo zimenezo eni ake ali pomwepo? Ndinangoti, "Akuti m'mimba."

Anatipatsa mankhwala a m'mimba. Potuluka bambo anandithokoza.

Lero ndi tsiku lachinayi. Mapiritsi akumwa osadumphitsa, koma miyendo yayamba kutupa, ndipo mphasa yawo mayi akuyanika kuseri kwa nyumba.

Chonde bwerani Loweruka, mukawaperekezenso, mukanene inuyo mawu amene ine ndinameza. Mayi sindinawauze. Bambo nawo aliyense wodzawazonda akumuuza kuti mwana wawo wophunzira anafotokozera adokotala zonse.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike