Maola khumi ndi asanu a pa geti

Lolemba, 14 Julaye 2025

Chiperoni tsiku lachinayi. Dzuwa osaoneka. Zovala pachingwe chiyambire Lachisanu, fungo ngati galu wonyowa.

M'mawa ku geti ya madzi. Ntchito yanga yonse ndi imeneyi: kabokosi kamene bungwe lina linatiikira pa ngalande yaikulu kamalemba nthawi imene geti yatsegulidwa ndi buloko imene madzi apita. Ine kukopera mu laputopu ya sikimu yathu yothirira mpunga, kukapereka ku komiti. Folomu 4 yonse ija kuti ndizipukuta kabokosi fumbi. Mawu amenewa si anga. Ndi a Bizweki, osunga makiyi a geti. Anawanena pamsonkhano wondisankha, zaka ziwiri zapitazo, anthu n'kuseka, Amayi ali pomwepo. Chiyambire tsikulo moni wanga saudziwa.

Lero akuti, "Tiyamike, kabokosi kakoka kakunama nthawi." Munthu wowerengera nthawi pa mthunzi wa bulugama ndi kawayilesi komanga ndi mphira. Ndinayang'ana ku chilumba cha Chisi ngati kuli ukwati.

Lachitatu, 16 Julaye

Ndawagwira.

Kabokosi kakuti madzi anapita ku buloko C dzulo 3 koloko masana. Lachiwiri lonse ndi la B, kwathu. C imayamba Lachitatu 6 koloko m'mawa. Ndipo poloti ya a Bizweki ili kuti? Ku C. Dzulo anthu a B ambiri tinali ku maliro ku Kuntumanji, palibe woona. Mpunga wa Amayi kumathero kwa ngalande wayamba chikasu, nthaka ming'alu.

Ndalemba bwinobwino, mzere wofiira kunsi, ndi rula. Ndakapereka kwa a Virginia, apampando a komiti. Mlandu Lachisanu la sabata ya mawa. Lamulo lathu: wakuba madzi amalandidwa makiyi ndi poloti nyengo yonse.

Pobwera ndimaimba. Ine, wothawa kwaya.

Loweruka, 19 Julaye

Dzuwa labwerera. Zovala zauma, fungo lokha lakana.

A Bizweki awalanda kaye makiyi podikira mlandu. Iwo akukana, akuti anatsegula Lachitatu nkhani za 6 koloko zikuyamba pa wayilesi. Ndinauza a Virginia kuti makina alibe msuweni, sakondera. Ndinachinena kawiri chifukwa chinandikomera m'kamwa.

Akazi awo a Bizweki ku mjigo anangosenza ndowa yosadzaza n'kumapita. Amayi pobwera, "Ngakhale ukhale wolondola, mano akowo ubiseko."

Lachiwiri, 22 Julaye

Lachiwiri. Kabokosi kakuti Lolemba.

Ndinalumikiza laputopu monga mwa masiku onse, diso n'kugwera pakona pamene sindiyang'anapo. Foni: Lachiwiri, 9:10 m'mawa. Kabokosi: Lolemba, 6:10 madzulo. Ndinawerenga ndi zala ngati mwana wa Sitandade 2. Maola khumi ndi asanu m'mbuyo. Ndinawonjezera maolawo pa 3 koloko ija. Lachitatu, 6 koloko m'mawa. Osaphonya ndi mphindi yomwe.

Ndinawerenganso. Chimodzimodzi.

Kukwera pachulu kusaka netiweki, kuimbira Elenala, mtsikana wa m'tauni ku Zomba amene anatiphunzitsa za kabokosika. Akuti chiperoni chija mphamvu ya sola inatha, kabokosi kanazima. Mkati muli kabatire ngati batani la jekete, ntchito yake kuyendetsa wotchi magetsi akathima. Kakafa, wotchi imaima, magetsi akabwera imangopitiriza pamene inaimira. Kenako, "Zowunika mphamvu ya kabatire unaziyatsa? Tsamba 14."

Ndakafukula bukulo pansi pa matiresi. Tsamba 14 lilipo. M'mbali mwake, dzanja langa lokongola: mayankho asanu ndi awiri amene ndikanawayankha a Bizweki pamsonkhano uja. Yankho la nambala 4 ndi labwino mpaka lero. Zimene Elenala ankaphunzitsa nthawi imeneyo, sindikumbuka ngakhale liwu limodzi.

Lachitatu, 23 Julaye

Mizere itatu yokha. Elenala pa foni kutchula chilembo chimodzichimodzi, ine kulemba mu fayilo ya zosintha, laputopu pamaondo, nyerere m'miyendo. Mzere woyamba, kabokosi kaziyeza kabatire. Wachiwiri, ola lililonse. Wachitatu, mphamvu ikatsika pansi pa 2.6 kaziyatsa getsi lofiira ndi kulemba chenjezo mu lipoti. Kuzimitsa, kuyatsanso.

Getsi lofiira pomwepo. Kabatire kamoyo kamakhala pa 3. Kathu 1.4. Zaka ziwiri kakanatha kundiuza, wosakafunsa ndine.

Ndinakachotsa, n'kukagunditsa palilime. Sindikudziwa kuti ndimafuna kakandiuze chiyani. Kozizira basi.

Njinga mpaka ku Jali, kwa wokonza mawotchi. Katsopano. Kuika, kukonza nthawi, 3.1, getsi lazima.

Ndiye pobwerera, pa mlatho, satana anakwera pa keliyala. Wotchi tsopano ikulondola. Ndani angadziwe kuti inanamapo? Ine ndi Elenala. Elenala ali kutali, kuno amabwera kawiri pachaka.

Ndinapalasa naye mpaka kunyumba. Sanatsike.

Lachinayi, 24 Julaye

Ndadutsa pakhomo pa a Virginia kawiri. Koyamba ndinafunsa za nkhuku zawo. Kachiwiri ndinayamikira mpanda.

Kenako miyendo inanditengera ku C. Mpunga wa a Bizweki wayamba kutulutsa ngala, mizere yowongoka ngati anagwiritsa rula yanga ija. M'nyumba mwawo anthu asanu ndi mmodzi. Eni ake anali m'mphepete akuzula udzu, pa poloti imene mawa ikhoza kukhala ya wina. Sanandione, kapena anachita ngati ine.

Ndayesa kupeza wolakwa wina. Chiperoni. Bungwe. Wopanga mabatire. Onse akukana, onse akuloza tsamba 14.

Elenala meseji: "Uwauza ndiwe kapena ndikwere basi?" Mtsikana ameneyu ndinkamukonda.

Amayi, "Wadwala?" Ndati mutu. Akuti mutu womwewo unali kuimba sabata yatha.

Kabatire kakufa ndakaika m'bokosi la machesi. Ndaloweza zonena. Zikutuluka ngati ndikutafuna mankhusu.

Lachisanu, 25 Julaye

Shedi ya sikimu yodzaza, ena pamazenera. A Virginia atandiitana kuti ndiwerenge umboni, ndinatsegula bokosi la machesi. Ndinanena zonse. Kabatire, maola khumi ndi asanu, kuti geti inatsegulidwa nthawi yake. Kuti a Bizweki anandichenjeza Lolemba lija ine n'kumayang'ana ku Chisi. Za mayankho asanu ndi awiri sindinanene, munthu asafere pomwepo.

Wina kumbuyo, "Paja makina alibe msuweni?" Kuseka. Kwaposa kwa zaka ziwiri zapitazo, ndipo uku ndakuphika ndekha. Amayi maso pachitenje.

Makiyi abwerera. Poloti ndi yawo. Komiti yalamula kuti m'mawa uliwonse ndizifananiza nthawi ya kabokosi ndi wayilesi ya osunga geti, tonse awiri n'kusaina. M'mawa uliwonse. Ndi kawayilesi ka mphira.

Ndinakonzeka kuti a Bizweki anditukwane. Ndinali nalo kale yankho, la nambala 4 lija, lokonzedwanso pang'ono. Iwo anangoimirira, makiyi m'thumba, "Mwana wanena yekha, zatha. Ndipo za fumbi zija, Tiyamike, ndinalankhula moipa." Basi, n'kukhala pansi.

Ine zaka ziwiri. Iwo mphindi imodzi, pamaso pa sikimu yonse, osatuluka ndi thukuta lomwe.

Zimenezi ndiye sindiwakhululukira msanga.

Mawa 6 koloko ku geti. Moni ayambe ndani?