Liwu la Apu pa Chingwe

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo, ndipo chakudya sichikulowa.

Nkhani ndi ya mzime wathu. Mukudziwa kuti tikamakumba zitsime iye ndiye amalowa pansi, ine ndimakhala pamwamba pa chingwe, kutulutsa ndowa ya dothi ndi kumukweza iyeyo. Pakati pathu pali liwu limodzi lokha, lija la malemu bambo: apu.

Mukukumbukira momwe ankatidzutsira nalo m'mawa, kapena akamanyamula khanda m'mwamba? Ankati analitola kwa akapitawo a kumgodi. Mwana wanga wa kusekondale akuti ndi Chingerezi chakalekale, chimangotanthauza kumwamba, ndipo eniake amalitchula paliponse, dzuwa likatuluka, ngakhale zinthu zikakwera mtengo. Koma kwa ife si liwu loseweretsa. Bambo ankati munthu wobanika alibe mpweya wonenera kuti ndikwezeni msanga. Apu amatuluka ndi kampweya kotsiriza, ndipo wa pamwamba akamva safunsa, amangokoka.

Achemwali, Lachisanu mzime anakuwa apu, ine sindinamve.

Tinali kuseri kwa nyumba ya mayi wina wosoka zovala, chitsime chitafika patali ndithu. Ine ndinali chilili pakamwa pa dzenje, chingwe chili m'manja, ndikudikira ndowa. Ndinangoona mayi aja akuthamanga kuchokera pakhonde, nsalu ili m'manja, akundikalipira kuti kodi ndagona, munthu akuitana kalekale. Iwo anamva ali pa makina awo. Ine, woima pamwamba pake penipeni, ayi.

Ndinakoka mpaka zikhatho zinasupuka. Anatuluka ali lefu, mutu uli pachifuwa, milomo itatuwa. Pansipo panali mpweya woipa. Tinamugoneka pa simenti, mayi aja akumukupiza ndi katoni. Mayo ine, ndinkangoona ndikukuimbirani foni ya maliro.

Atatsitsimuka, mukumudziwa mwana uja, anayamba kuseka. Akuti ndinali kuganiza za alamu ake, ndipo tsiku lina adzandimangirira belu pakhutu. Aliyense anaseka. Inenso ndinaseka nawo.

Zoona zake ndi izi. Makutu anga akutha. Lakumanzere linayamba kale kulira ngati muli nyenje, ndinkati ndi chimfine. Ndinapita kuchipatala mwakachetechete, ndipo adokotala anati limenelo lapita, linalo likutsatira.

Ndayesa kumuuza, koma zandikanika. Amauza aliyense kuti salowa m'dzenje ngati pa chingwe palibe achimwene ake. Ndikamuuza, ndikudziwa sasiya ntchito. Angotola aliyense wa ganyu pamsewu, munthu woti foni ikalira asiya chingwe. Kulowa ineyo sindingathe, ndi chifuwa changachi ndingafere pa theka la njira.

Dzulo ndinati mwina ndikudziopseza chabe. Ndinapempha mayi a ana kuti akaime kuseri kwa bafa akuwe apu, ine ndikhale pakhomo nditatembenuka. Ndinadikira, ndinadikira, mpaka ndinapsa mtima kuti akuchedwa ndi chiyani. Nditapita kukawafunsa ndinawapeza atakhala pansi akulira, mawu atasasa ndi kukuwa.

Chitsime chija sichinathe, ndipo mzime akuti Lolemba akulowanso. Zida wanola kale.

Chonde, achemwali, inu ndi amene amakuopani. Muimbireni, mumuuze zimene ine zandikanika. Akakwiya, akwiye, akandinyoze, bola ali moyo. Ndipo ngati alamu angapeze mpata kuntchito, abwere adzagwire chingwe mpaka chitsimechi chithe. Akapanda kubwera, Lolemba ndidzaima pakamwa pa dzenje lija, m'bale wanga ali pansi, ine ndikuyang'ana nkhope za anthu kuti ndidziwe ngati akuitana.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Azakhali musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Mulungu akusungeni, ndipo mutikumbukire m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu,
Wa pa chingwe