Chala Chatupanso

Amake Sharifa,

Mukabwera kudimba simundipeza. Ndapita kuchipatala kuboma, wanditenga mnzanga Steward pa njinga yake yamoto. Chala chachikulu chakuphazi chatupanso, nsapato yakana kulowa.

Ndi chiwindi cha mbuzi chomwe ndinadya dzulo kusadaka ku Liwaladzi. Anandiikira m'mbale amalume eni ake, anthu onse akuona, ndiye ndikanakana bwanji? Paja adokotala anati nyama zam'kati zimachulukitsa m'magazi yuriki asidi, yemwe amatupitsa chalachi, ndipo kwa munthu wa shuga ngati ine zovutika ndi impso. Zanga anati zinayamba kale kufooka. Ndikufuna akandiyezenso magazi ndi mkodzo lero lomwe.

Bulufeni munandigulira kugolosale uja sindinamwe, adokotala anandiletsa chifukwa cha impso zomwezo. Musagulenso. Usipa nawonso anandiletsa, mupatse ana, ine mundiphikire bonongwe.

Pepani, chitenje chanu chatsopano chija ndakulungira phazi. Lero chikaona tauni chisanaone ukwati.

Akandigoneka ndiyimba foni. Chalachi musachidere nkhawa, chimadziwa kukuwa chokha. Impso ndiye sizinena kanthu.

Ismail