Belu Lomwe Mayi Telala Salimva

Komiti ya Chipinda cha Zopangapanga
Tsiku: Lachitatu, 12 Juni
Malo: chipinda chapamwamba, pa benchi ya zamagetsi
Opezeka: Wapampando, Mlembi, a Mawaya (opanga zipangizo), Mayi Telala ndi Aphunzitsi (oimira okalamba)
Osapezeka: a Kalipentala, mawondo awo akukana masitepe

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano mochedwa, podikira Mayi Telala omwe ankafuna kaye munthu womusiyira amuna awo.

2. Belu la pachitseko

A Mawaya anakumbutsa komiti kuti belu linapangidwa kuti lizilira amuna a Mayi Telala akatsegula chitseko, popeza bambowo masiku ano amaiwala ndi njira yakwawo yomwe. Anati litayesedwa muno mwezi watha, okalamba onse anawomba m'manja.

Mayi Telala anati Lolemba, iwo ali kuseri akuyanika zovala, bambo anatuluka. Anapezeka madzulo pa siteji ya basi, opanda nsapato. Anati oyandikana nawo akuti belulo limalira ndithu, koma kamawu kake n'konga ka udzudzu, ndipo iwo eni ake, Mayi Telala, sanalimvepo chiyambire.

A Mawaya anafunsa chifukwa chomwe sananenere tsiku loyesa lija. Aphunzitsi anayankha kuti nawonso sanamve kanthu. Anawomba m'manja ataona opanga belu akumwetulira. Anati: "Munthu wakupangira chinthu mwaulere, iwe n'kumuuza pagulu kuti sichikumveka? Ife sitinaleredwe choncho." A Mawaya anati iwonso sanaleredwe kuti azilosera. Wapampando anapempha kuti mawuwa asalembedwe. Mlembi anali atalemba kale.

Mayi Telala anati mwana wawo wamkazi abwera Loweruka lino, ndipo wanenetsa kuti akapeza belu silinakonzedwe atenga bambo ake kukakhala nawo kutali kumene amagwira ntchito. Kumeneko malo alipo a munthu mmodzi yekha. Anati: "Bambo amenewa ndakhala nawo kuyambira ndili mtsikana. Sindikupempha zambiri ayi, ana anga. Lingolira ngati belu basi."

A Mawaya anati kachipangizo kotulutsa mawu aakulu n'koitanitsa, ndipo sikangafike mwezi uno. Aphunzitsi anati bwanji osangomangirira chitini cha miyala kuchitseko. Mayi Telala anati anayesa kale. Bambo amachimasula bwinobwino n'kuchiika patebulo, paja anali makaniko. Ena anaseka, koma kusekako sikunapite patali.

Chogwirizana: kachipangizoko kaitanitsidwe. Komanso kuyambira lero, poyesa chinthu cholira, okalamba aziyang'ana kukhoma n'kukweza dzanja akamva. Aphunzitsi anati lamuloli ndi labwino, koma madzi akatayika saoleka. Mlembi akulemba pano kuti zamumvetsa chisoni, ngakhale si ntchito yake kutero.

3. Zina ndi zina

Wapampando anapempha okalamba kuti ajambulidwe ndi belulo, lomwe Mayi Telala anabwera nalo, chithunzicho chikalowe mu lipoti la pachaka. Aphunzitsi anakana. Mayi Telala anakonza duku lawo, analigwira belulo ndi manja awiri, n'kujambulidwa.

4. Msonkhano wotsatira

Udzakhalako Lachitatu, 10 Julaye. Wapampando anafunsa ngati tsikuli likuwayenera onse. Mayi Telala anati kwa iwo tsiku lililonse lili bwino, ndipo ulendo uno sadzachedwa, popeza kunyumba kudzakhala kulibe woti azimuyang'anira.

Msonkhano unatsekedwa nthawi ili 4 koloko madzulo.

____________________
Wapampando

____________________
Mlembi