Chipepeso pa imfa ya Zamokuhle Cebekhulu, amene ziwalo zake zapulumutsa ana anayi

Kwa banja la a Cebekhulu, achibale, ndi anthu onse a ku Imbali,

Ife a Kwaya ya Ana ya Siyahuba, oyimba pamodzi ndi makolo awo, tadzidzimuka ndipo tasweka mitima ndi imfa ya membala wathu wamng'ono koposa, Zamokuhle Cebekhulu, yemwe watisiya Lachitatu lapitali ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha, mtsempha wa magazi utaphulika m'mutu mwake. Lolemba anali nafe pokonzekera nyimbo, akuseka bwinobwino, ndipo mpaka lero mitima yathu ikukana kukhazikika.

Zamokuhle anabwera kwa ife asanadziwe n'kuwerenga komwe, koma nyimbo akangoimva kawiri ankaisunga yonse. Chaka chatha ndiye anatsogolera nyimbo yomwe inatipezetsa malo achiwiri pa mpikisano wa ku Durban, ataimirira pa bokosi kuti oweruza amuone. Anatikokera anzake anayi a m'kalasi mwake, ndipo ndi iye yekha amene sankaopa kuuza woyimbitsa wathu kuti nyimbo waiyambira pamwamba kwambiri.

Popeza m'misewu mwayamba kuyenda mawu opweteka akuti makolo anagulitsa mwana wawo, banja landilola ine wapampando wa kwayayi kufotokoza zimene ndinaona ndi maso anga kuchipatala. M'mawa wa Lachitatu, madokotala awiri anatsimikiza kuti ubongo wa mwanayo wafa, ngakhale makina ankamupumitsabe. Namwino wina anafunsa makolo mwaulemu ngati angalole kuti ziwalo zake zikathandize ana ena, nawauza kuti nthawi yoganizira ndi yochepa. Mayi ake, MaNdlela, anavomera ndi mutu. Bambo ake, a Bhekizenzo, sanathe n'kukhala pansi komwe. Ankatsika masitepe n'kukweranso, kulowa m'chipinda kukagwira dzanja la mwana lomwe linali lofundabe, n'kutulukanso. Potsika kachitatu anapeza bambo wina atakhala pakhomo pa chipinda cha ana odwala impso, atagwira nsapato za mwana wake m'manja.

Masana kunafika a Velaphi, akulu awo a Bhekizenzo, kuchokera kumudzi ku Msinga, ndipo anakana.

"Mng'ono wanga, tikabwera ndi nthambi kudzatenga mzimu wake monga mwa mwambo, tidzautenga kuti, mtima uli kwina, impso zili kwina? Makolo athu amene anagona adzamulandira ali wosakwanira?"

A Bhekizenzo anati, "Achimwene, makolo athu amamudziwa mwanayu ndi dzina lomwe munawauza nokha atabadwa. Pansipa pali bambo mnzanga, ndipo mwana wake akadali moyo."

A Velaphi anatuluka, ndipo tonse tinayesa apita. Patatha ola limodzi anabwerera, maso ali psuu, napempha kuti iwo ndiwo akhale mboni pa chikalata chovomereza kupereka ziwalozo. Lachisanu ndi iwo omwe ananyamula nthambi ija kuchoka kuchipatala kufikira kunyumba, akumuuza mwanayo njira yonse.

Mtima, chiwindi ndi impso ziwiri za Zamokuhle zapita kwa ana anayi omwe mayina awo banjali silinauzidwe. Palibe chimene makolowa analandira, ndipo sanapemphe kanthu.

Tisadzinamize kuti zimenezi zawabweretsera mtendere. Dzulo a Bhekizenzo, omwe amayendetsa basi, anandiuza kuti akuopa kubwerera kuntchito, chifukwa kamwana kalikonse kamene adzakaone kakuthamanga m'mbali mwa msewu adzadzifunsa ngati ndi kamodzi mwa ana anayi aja.

M'malo mwa mamembala onse, tikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu a Bhekizenzo, kwa inu MaNdlela, kwa inu a Velaphi ndi kwa banja lonse. Mulungu akupatseni mphamvu zokwanira tsiku lililonse palokha. Mwambo wa maliro udzachitika Loweruka m'mawa ku Msinga. Kwa onse amene mudzabwere, pempho lathu ndi limodzi: musawafunse makolowa ngati anachita bwino. Funso limenelo anadzifunsa kale, ataimirira pambali pa bedi la mwana wawo. Inu mudzangokhala nawo pansi.

Mayi Fikelephi Zondi
Wapampando, Kwaya ya Ana ya Siyahuba
Imbali, Pietermaritzburg