Kompyuta Sinabedwe

Bambo a Safiya,

Musadzidzimuke, kompyuta sinabedwe, ndatenga ndine. M'mawa uno inayamba kulira kuti kho kho kho ngati nkhuku ikujompha mpunga, ndiye ndinaimenya mbama ziwiri monga timachitira ndi wailesi ija. Inangoti zii. A Lughano okonza makompyuta andiuza pafoni kuti yadwala ndi hadi disiki, kachipangizo kosunga zinthu mkatimo, ndipo mbama zangazo zawonjezera matenda. Pepani ndithu.

Ndikudziwa kuti mawu a malemu bambo anu, akuwerenga pemphero la duwa pa ukwati wathu wa nikaha, ali momwemo basi, kwina kulibe. N'chifukwa chake sindinadikire kuti mubwere kuchokera ku Chia. Ndaikulunga m'chitenje, ndapita nayo ku Dwangwa.

Disiki yatsopano musankha ndinu, ndikuimbirani ndikafika. Akuti pali yamalo ambiri yozungulira mkati ngati yakaleyi, ndi ina yotchedwa SSD, yosazungulira, yosaopa kugwedezeka ngakhalenso dzanja la mkazi wanu. Ine mtima uli pa yachiwiriyo.

Mpunga uli mumphika. Pemphani Mulungu mawuwo atuluke. Bambo tinawalira kale kamodzi, sindikufuna muwalirenso chifukwa cha ine.

Ndine,
Bushra